Sefa ya Mpweya pa Injini: Kuyang'ana, Kutsuka ndi Kusintha

Phunziro ili ndi la kachipangizo kotchipa kamene kali pa injini iliyonse imene timagwiritsa ntchito pa ulimi, koma eni injini ambiri sanakatsegulepo chigulireni. Amakaniko amakatchula kuti eyakilina. M'phunziro muno tizikatchula kuti sefa ya mpweya, chifukwa ntchito yake ndi yofanana ndi ya sefa ya ufa: chofunika chidutse, chosafunika chitsale. Sefayi ili pa pampu yothirira ya petulo, pa injini ya chigayo, pa njinga yamoto, pa thirakitala, komanso pa galimoto imene imanyamula tomato ndi anyezi wanu kupita ku Mitundu, ku Nathenje kapena mumzinda wa Lilongwe. Tikhalitsa pa pampu chifukwa ndiyo injini imene ambiri a inu mumaigwira ndi manja anu, koma a galimoto ndi a njinga yamoto mupezanso gawo lanu.

Nthawi imene pampu imagwira ntchito kwambiri ndi nthawi yomweyonso imene fumbi limachuluka. Tikakolola chimanga cha kumunda mu Epulo ndi Meyi timatsikira kumadimba a m'mbali mwa Diamphwe. Mu Juni ndi Julayi kumaomba mwera. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba nthaka imakhala itauma gwa, ng'ombe ndi ngolo zitapera njira zopita kumtsinje, tchire likupsa, phulusa likuuluka, akamvuluvulu akuzungulira masana. Zonsezi injini imakoka. Ndipo injini yodwala kawirikawiri siifa mu Juni mbewu zili ku nazale. Imafa mu Okutobala, tomato ali pa maluwa, chimanga chachiwisi chikumasula, dzuwa likuswa mtengo. Mukudziwa kale zimene zimachitika tomato akakhala masiku angapo wopanda madzi kenako n'kumuthira madzi ambiri nthawi imodzi: maluwa amayoyoka, zipatso zimaola kunsi, zina zimang'aluka. Dimba limene munalikuza chifukwa chodalira pampu simungalimalize ndi makheni.

Injini imapuma

Injini siyendera mafuta okha. Kuti petulo ayake m'kati mwa injini amafuna mpweya, ndipo amafuna wochuluka zedi. Kilogalamu imodzi ya petulo imafuna makilogalamu pafupifupi 15 a mpweya. Popeza mpweya ndi wopepuka, tikawerengera m'malita zimakhala motere: lita imodzi ya petulo imafuna mpweya wokwana malita 9,000 mpaka 10,000. Imeneyo ndi migolo ya malita 200 pafupifupi 50. Injini ya pampu ya mainchesi awiri kapena atatu, monga Honda GX160 ndi zina za ku China zofanana nayo, imamwa petulo pafupifupi lita imodzi ndi theka pa ola ikakhala pa ntchito yolimba. Ndiye kuti pa ola lililonse migolo yopitirira 60 ya mpweya wa kudimba kwanu imadutsa pa kasefa kakakulu ngati nkhonya.

Pali chinanso. Kuno tili pamtunda, mamita opitirira 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mpweya wa pamtunda ndi wopepukirapo. A kampani ya Honda amanena m'buku la injini zawo kuti mphamvu ya injini imatsika ndi pafupifupi 3.5 peresenti pa mamita 300 alionse okwera. Choncho pampu ya kuno imakhala itataya kale gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu yake isanayambe n'komwe ntchito. Sefa ikatsekekanso, mphamvu yotsalayo imachepa kwambiri.

Nanga fumbi limaononga bwanji chitsulo? Tapani fumbi pang'ono panjira, donthezanipo oyilo, kenako lipakeni pakati pa zala ziwiri. Mumva kukhakhala. M'fumbi muli timchenga tosaoneka ndi maso, tolimba kuposa chitsulo cha m'kati mwa injini. M'katimo muli pisitoni imene imakwera ndi kutsika mu silinda, ndipo injini ikakhala pa liwiro lonse imatero maulendo 3,600 pa mphindi imodzi, kutanthauza maulendo 60 pa sekondi. Pisitoniyo ili ndi maringi amene amagwira khoma la silinda kuti mphamvu isathawe komanso kuti oyilo asakwere kumene kukuyaka moto. Timchenga tija tikalowa n'kusakanikirana ndi oyilo, timachita zimene mchenga umachita amayi akamakwecha poto kumtsinje. Kusiyana kwake n'kwakuti poto amakwechedwa mphindi zochepa, pamene silinda imakwechedwa tsiku lonse. Chitsulo chikadyeka sichimeranso.

Matenda awiri osiyana

Sefa imadwala m'njira ziwiri, ndipo ndi bwino kuzisiyanitsa chifukwa kuopsa kwake sikufanana.

Njira yoyamba ndi kutsekeka. Fumbi limadzaza timabowo ta sefa ndipo injini imabanika. Pa injini ya kabuleta, monga ya pampu ndi ya njinga zamoto zambiri, kubanikako kumachititsa kuti injini izikoka petulo wambiri ndi mpweya wochepa, ngati kuti mwaiwala kutsegula choko. Mudzaona utsi wakuda, pulagi yokutidwa ndi mwaye wouma, injini yovuta kuliza, yolira motsamwa, ndi madzi ofooka ku paipi. Petulo amene ankathirira mabedi onse amathera panjira. Petulo wosapsayo amatsukanso oyilo wa pakhoma la silinda n'kutsikira m'munsi, mwakuti mukanunkhiza oyilo wa injini mumamva fungo la petulo. Pa injini ya dizilo chizindikiro chachikulu ndi utsi wakuda wochuluka ndi kuchepa mphamvu ikalemedwa.

Njira yachiwiri ndi kubooka. Pepala lang'ambika, siponji yafumbutuka, labala wa m'mphepete wauma n'kuthetheka, kapena sefa sinakhale bwino pamalo pake. Apa injini simadandaula. Imalira bwinobwino kwa masabata kapena miyezi, ikumeza fumbi. Zizindikiro zikamadzaoneka zinthu zimakhala zitaonongeka kale: utsi wotuwa wonkera ku buluu, oyilo wotha msanga, chingwe cholizira chopepuka m'manja chifukwa maringi sakugwiranso. Mankhwala ake ndi kumasula injini yonse, kugula maringi, mwina pisitoni, mwinanso silinda yomwe.

Ndiye taonani msampha umene ulipo. Pampu yafooka, munthu n'kuchotsa sefa kuti aone, injini n'kulira mwamphamvu nthawi yomweyo. Amaganiza kuti wapeza vuto, sefayo n'kuiponya pansi pa nthochi, ntchito n'kupitirira. Zoonadi vuto walipeza, koma wasinthanitsa matenda otchipa ndi matenda odula. Sefa yotsekeka imakudyerani petulo koma ikutetezabe injini. Injini yopanda sefa ilibe chitetezo chilichonse. Ngati makaniko kapena mnzanu wa m'gulu akukuuzani kuti "ingochotsani, imangobanikitsa injini", mukaneni mwaulemu. Zoika m'malo mwake monga sokosi, chidutswa cha neti ya udzudzu kapena siponji ya matiresi sindikuzivomereza. Neti imagwira udzu ndi tizilombo koma fumbi limadutsa lonse. Siponji ya matiresi sinapangidwe kuti izikumana ndi petulo ndi oyilo, imafumbutuka ndipo tizidutswa take timakatseka kabuleta.

Kuyang'ana sefa ya pampu

Ntchitoyi siifuna makaniko, ndipo pa injini zambiri siifuna ngakhale sipanala. Amayi, musaisiyire abambo okha, chifukwa nthawi zambiri ndinu amene mumakhala kudimba pampu ikamalira. Zimitsani injini, tsekani kampopi ka petulo, dikirani kuti izizire. Sefa ili m'kabokosi kakuda ka pulasitiki pamwamba pa kabuleta, kumbali imene kuli choko. Musanatsegule, pukutani kunja kwa kabokosiko ndi nsalu kuti fumbi la pamwamba lisagwere m'kati. Chitani zimenezi pamalo opanda mphepo, ndipo yalani thumba loyera kuti muziikapo zimene mwamasula. Manati ang'onoang'ono akagwera m'dothi la kudimba sapezekanso.

Masulani nati ya mapiko imene ili pamwamba, chotsani chivundikiro, masulaninso nati yachiwiri imene yagwira sefa, kenako zulani sefayo pang'onopang'ono. Pansi pake muona bowo lolowera ku kabuleta. Litsekeni ndi kansalu koyera nthawi yonse imene mukugwira ntchito, koma musadzaiwale kukachotsa pobwezera. Muonanso kalabala kozungulira kamene sefa imakhalira. Kalabala kameneka kamatayika kawirikawiri, ndipo kakasowa fumbi limalowera pansi osadutsa pa sefa n'komwe.

Musanayang'ane sefa yeniyeniyo, yambani mwayang'ana mbali yoyera, kutanthauza njira imene mpweya umadutsa ukatha kusefedwa. Pisani chala chokutira nsalu yoyera pakhomo pa bowo lija ndi kupukuta. Nsaluyo ikatuluka ndi fumbi lofiira kapena lokhakhala, dziwani kuti fumbi lakhala likulowa mu injini, ndipo muyenera kupeza pamene likudutsira. Kuyesa kumeneku n'kofunika kuposa kuona ngati sefa yada kapena ayi.

Pa pampu zambiri sefa ili ndi zigawo ziwiri: siponji kunja, pepala lopindapinda m'kati. Vulani siponji ngati mukuvula sokosi. Tengani gawo la pepala, pitani nalo pamthunzi kapena m'nyumba, ikani tochi ya foni m'kati mwake ndi kulizunguza pang'onopang'ono. Kuwala kukamatuluka mofanana paliponse, pepalalo likadali bwino. Kuwala kukapanda kutuluka, latsekeka. Mukaona kadontho kowala kwambiri ngati nyenyezi, pamenepo pabooka, ndipo sefa yobooka siikonzedwa ndi guluu kapena selotepi. Itayeni. Yang'ananinso m'makwinya, mmene pepala limayambira kung'ambika, ndi m'mphepete mmene pepala lalumikizana ndi labala.

Mukapeza pepala lanyowa ndi oyilo, funsani chifukwa chake musanagule lina. Kawirikawiri zimachitika pampu ikanyamulidwa chogona pa njinga kapena m'ngolo: oyilo amadutsa m'kapaipi kopumira injini n'kufika ku sefa. Zimachitikanso mukathira oyilo wopitirira muyezo. Nyamulani pampu choimirira nthawi zonse, kampopi ka petulo katatsekedwa. Pepala lonyowa ndi oyilo silitsukika.

Kutsuka

Gawo la pepala silifuna madzi, sopo, petulo kapena burashi. Madzi amafufumitsa pepala ndipo likauma timabowo take timakhala titatsekeka kapena titang'ambika. Burashi imakankhira fumbi m'kati. Chimene mungachite ndi kuligogoda pang'ono kangapo pa thabwa kapena pachikhatho kuti fumbi ligwe. Musalimenyetse pamwala ngati mukupuntha nyemba. Mungathenso kuliuzira ndi pampu ya njinga, kuchokera m'kati kupita kunja, kuti fumbi libwerere kumene linachokera. Mukapita nalo kwa opopa matayala pa Mitundu kapena pa Nathenje, auzeni kuti achepetse mphamvu ndipo asagunditse paipi pa pepala. Buku la Honda limati mpweya wouzira usapitirire 207 kPa, imene ndi 30 psi pa geji ya opopa matayala. Makina awo amatha kupitirira pamenepo, ndipo pepala limabooka timabowo timene maso sangaone.

Apa ndionjezepo mfundo imene ambiri imawadabwitsa. Sefa ya pepala imene yagwira fumbi pang'ono imasefa bwino kuposa yatsopano, chifukwa fumbi loyambalo limachepetsa timabowo. Choncho kuda pang'ono si matenda. Kuigogoda tsiku lililonse kumaifooketsa, ndipo nthawi iliyonse imene mwaizula mumapereka mpata woti fumbi ligwere ku kabuleta. Tsegulani chivundikiro ndi kuyang'ana musanalize injini, koma zulani ndi kugogoda pokhapokha fumbi likaunjikana.

Siponji ndiyo imatsukidwa. Ichapeni m'madzi ofunda a sopo, poifinya m'manja osaipotokola, chifukwa kupotokola kumaing'amba. Itsukuluzeni mpaka madzi atayera, kenako iumitseni pamthunzi mpaka iume kwenikweni. Musaiyanike pamoto kapena pa ekizozi. Musaichape ndi petulo: ndi ngozi ya moto, ndipo petulo amaononga guluu wolumikiza siponjiyo. Ikauma, idonthezeni oyilo watsopano wa injini, ifinyeni kuti oyilo afike paliponse, kenako ifinyireni m'nsalu youma mpaka isamadonthe. Oyiloyo ndiye amagwira fumbi. Siponji youma imasefa pang'ono chabe, pamene yonona kwambiri imabanikitsa injini, imatulutsa utsi ndi kunyowetsa pepala. Opanga injini ena amati siponji yokuta pepala isapakidwe oyilo, choncho ngati buku la pampu yanu lilipo tsatirani zimene likunena. Koma ngati sefa yanu ndi ya siponji yokhayokha, yopanda pepala, oyilo ndi wofunika ndithu. Popeza siponji imatenga nthawi kuti iume, ichapeni madzulo mukaweruka, kapena gulu likhale ndi ziwiri zosinthanitsa.

Pobwezera, pukutani m'kati mwa kabokosi ndi chivundikiro ndi nsalu yonyowa pang'ono, chotsani kansalu kaja pa bowo, khazikani kalabala, valikani siponji pa pepala, ikani sefa ndi kumanga manati ndi zala mpaka sefa isamagwedere. Kumanga mopitirira kumaphwanya pulasitiki.

Malo amene mwakhazika pampu amachepetsa kapena kuchulukitsa ntchito yonseyi. Musaikhazike m'mphepete mwa njira ya ng'ombe kapena pa dothi lofumbutuka. Ikani pa thabwa kapena pa udzu, ndipo wazani madzi pansi mozungulira musanalize. Onetsetsani kuti madzi odontha pa joini ya paipi sakuthovukira pa kabokosi ka sefa.

Sefa ya oyilo ya pa chigayo

Injini za dizilo za silinda imodzi, zimene zimayendetsa zigayo, makina otongolera chimanga ndi pampu zikuluzikulu, zambiri zili ndi sefa ya mtundu wina. Ndi chitini chachitsulo chokhala ndi kambale ka oyilo pansi ndi mawaya opiringizana pamwamba. Mpweya umatsika, umagunda oyilo, fumbi n'kutsalira mmenemo. Masulani kambaleko, khuthulani oyilo, palani matope a pansi, tsukani kambale ndi mawaya ndi dizilo kapena parafini, dikirani kuti zidonthe mpaka ziume, kenako thirani oyilo wa injini kulekeza pa mzere wolembedwa. Mzerewo musaupitirire. Injini ya dizilo imatha kukoka oyilo wopitirirayo n'kumuyatsa ngati mafuta, ndipo ikatero imathamanga mopenga osamva kuzimitsa. Pachifukwa chomwecho musatsuke mawayawo ndi petulo.

M'chigayo fumbi la ufa ndi la gaga limasandutsa oyilo phala m'masiku ochepa, makamaka miyezi yokolola. Yang'anani kambaleko m'mawa uliwonse. Ngati n'kotheka injini ikhale m'chipinda chake, kapena paipi yokokera mpweya itulukire kunja kwa khoma. Oyilo wakudayo musamutaye mumtsinje kapena kudimba. Lita imodzi yokha imaipitsa madzi ochuluka kwambiri, ndipo anzathu a kumunsi akumwa ndi kuthirira madzi omwewo. Musungeni m'chigubu chotseka.

Galimoto, njinga yamoto ndi thirakitala

Magalimoto ambiri amene timakwera ndi kunyamulira katundu kuno, monga Toyota Probox, Sienta ndi Mazda Bongo, anabwera ogwiritsidwa kale ntchito kuchokera ku Japan, kumene ankayenda pa tala. Mukagula galimoto yotere yang'anani sefa sabata yoyamba, musadalire kuti wogulitsa anasintha. Pa galimoto yaing'ono tsegulani boneti injini itazima, funani bokosi lakuda la pulasitiki limene likutulutsa paipi yonenepa yopita ku injini. Pa ma minibasi ndi malole ang'onoang'ono bokosilo limapezeka pansi pa mpando wakutsogolo kapena kuseri kwa kabini. Limatsekedwa ndi tizitsulo tokowera kapena masikuluwu. Tukulani chivundikiro, ndipo musanazule sefa onetsetsani mmene yakhalira, kapena ijambuleni ndi foni. Pa mabokosi ambiri mbali yakuda imakhala pansi, choncho sefa ikhoza kuoneka yoyera pamwamba koma itadzaza kunsi. Itembenuzeni.

Kuyesa kwake ndi komwe kuja: tochi, makwinya, labala wa m'mphepete, ndi nsalu yoyera kumbali yopita ku injini. Chotsani masamba, mchenga ndi zisa za makoswe pansi pa bokosi. Pa paipi yonenepa ija, pafupi ndi bokosi, pamakhala kachipangizo kolumikizidwa ndi mawaya a magetsi kamene kamayeza mpweya wolowa. Musakakhudze ndi chala kapena nsalu, n'kosachedwa kuonongeka ndipo n'kodula. Pindani paipiyo pang'ono kuti muone ngati yang'aluka m'makwinya, ndipo mangani zomangira zake. Mng'alu wa pamenepo umalowetsa fumbi kuseri kwa sefa, ngakhale sefayo ikhale yatsopano. Potseka onetsetsani kuti chivundikiro chalowa m'timipata take ndipo tizitsulo tonse takowa.

Pa galimoto zamakono zizindikiro zimasiyana pang'ono ndi za pampu. Mu 2009 ofufuza a ku Oak Ridge National Laboratory ku America anayesa magalimoto okhala ndi sefa zotsekeka. Anapeza kuti pa galimoto zimene kompyuta imayeza mafuta, sefa yotsekeka siinkachulukitsa kwenikweni kamwedwe ka petulo koma inkachepetsa mphamvu yothamangira, pamene pa galimoto yakale ya kabuleta mafuta ankathadi msanga. Choncho pa Probox musadikire kuti mafuta ayambe kutha msanga. Chimene mudzamve ndi kulemera kwa galimoto pa chitunda mutanyamula matumba. Mabuku a magalimoto ambiri amati sefa isinthidwe pa makilomita apakati pa 15,000 ndi 40,000, ndipo amaonjezera kuti pa misewu ya fumbi zichitike msanga. Langizo langa n'lakuti muziiyang'ana nthawi iliyonse imene mukusintha oyilo, komanso mwezi uliwonse kuyambira Ogasiti mpaka Novembala. Pogula nenani momveka kuti mukufuna sefa ya mpweya wa injini, chifukwa magalimoto ena ali ndi sefa ina ya mpweya wa m'kati mokhala anthu, ndipo palinso sefa ya oyilo ndi ya mafuta.

M'nyengo ya dzinja dziwani pamene bokosilo limakokera mpweya. Madzi a pa zibuma ndi pa madooko akafika pamenepo amalowa mu silinda, ndipo popeza madzi sapanikizika, zitsulo za m'kati zimapindika nthawi yomweyo. Galimoto ikazimira m'madzi musailize. Ikankhireni kunja, tsegulani bokosi, ndipo mukapeza sefa yanyowa itanani makaniko.

Pa njinga yamoto sefa ili pansi pa mpando kapena kuseri kwa chivundikiro cha m'mbali. Ina ndi ya siponji, ina ya pepala, ndipo kasamalidwe kake ndi kamene tafotokoza kale. Njinga zina zili ndi pepala lopakidwa kale oyilo ku fakitale, limene siligogodedwa kapena kuuziridwa koma kungosinthidwa. Pansi pa bokosi pamakhala kapaipi kotsekedwa kumapeto kamene kamasunga madzi ndi oyilo, ndipo kamafuna kukhuthulidwa. Anyamata a kabaza, mukamatsuka njinga kumtsinje musakhuthulire ndowa pansi pa mpando.

Thirakitala ndi malole akuluakulu amakhala ndi sefa ziwiri, ina m'kati mwa inzake. Yakunja ndiyo imatsukidwa. Yam'kati ndi mlonda womaliza, siitsukidwa ndipo siizulidwa pokhapokha posintha. Pansi pa chitini chake pali kalabala kokhala ngati mlomo wa bakha kamene mumakafinya kuti fumbi ligwe. Ambiri alinso ndi kageji kamene kamaonetsa kufiira sefa ikatsekeka.

Kuwerenga maola ndi kugula ina

Pampu ilibe geji ya makilomita, choncho timawerenga maola. Buku la Honda GX160 limati sefa iyang'anidwe nthawi iliyonse musanalize injini, itsukidwe pa maola 50 alionse kapena miyezi itatu, ndipo gawo la pepala lisinthidwe pa maola 300 kapena chaka chilichonse. Limanenanso kuti pamalo a fumbi zichitike pafupipafupi kuposa pamenepo. Tiyeni tiwerengere pampu ya gulu. Ikamalira maola asanu pa tsiku, masiku asanu pa sabata, ndiye kuti maola 50 amakwana m'masabata awiri, ndipo maola 300 amakwana m'masabata 12. Nyengo ya dimba ndi yaitali kuposa pamenepo. Pampu yotere imafuna sefa ziwiri pa nyengo imodzi, ndipo m'miyezi ya fumbi ndi bwino kutsuka siponji sabata iliyonse.

Ngati mulibe wotchi, werengani mathanki. Thanki ya injini zimenezi imalowa malita atatu kapena kupitirira pang'ono, ndipo imatha m'maola awiri kapena kupitirirapo. Mathanki 25 ndi pafupifupi maola 50. Vuto la pampu ya gulu n'lakuti aliyense amaganiza kuti mnzake anatsuka. Gulani kope limodzi loyenda ndi pampu. Aliyense wobwereka alembe tsiku, dzina lake ndi mathanki amene wathira, ndipo gulu lisankhe munthu mmodzi woyang'ana sefa ndi oyilo pampu ikamabwezedwa. Pa ndalama imene mumasonkha yobwerekera pampu, patulani kagawo kokhazikika ka sefa, pulagi ndi oyilo, kasasakanikirane ndi ndalama ya petulo.

Pokagula nyamulani sefa yakale, chifukwa injini zofanana kunja zimatha kukhala ndi sefa zosiyana kutalika. Ikani yatsopano ndi yakale pamodzi. Labala akhale wofewa, makwinya akhale ochuluka ndi olingana, ndipo pasakhale mpata pamene pepala lalumikizidwa. Sefa yotchipa kwambiri nthawi zambiri imakhala ndi makwinya ochepa ndipo imatsekeka msanga. Yofupika ngakhale pang'ono musatenge, imasiya mpata. Gulani mu Meyi kapena Juni pamene muli ndi ndalama ya zokolola, ndipo yosungira ikhale m'pepala lake la pulasitiki, pamalo ouma. Mvula ikayamba ndipo mukuimika pampu, tsukani sefa, khuthulani petulo wa m'thanki ndi m'kabuleta, ndipo fundikani pampuyo. Pokaitulutsa chaka chamawa tsegulani kabokosi musanakoke chingwe, chifukwa makoswe amadya siponji ndi kusungiramo chimanga, ndipo mavu amamangamo zisa za dothi.

Ntchito ya pa msonkhano wotsatira

Tikamaliza kuyendera munda wa sukulu, tidzagawana m'timagulu ta anthu asanu. Kagulu kalikonse kabwere ndi injini imodzi, kaya pampu kaya njinga yamoto, pamodzi ndi beseni, sopo, nsalu ziwiri zoyera, oyilo watsopano pang'ono ndi foni ya tochi. Aliyense adzamasula ndi kubwezera sefa ndi manja ake. Pa pepala lalikulu kagulu kadzalemba mtundu wa sefa imene kapeza, zimene nsalu yoyera yaonetsa, zimene tochi yaonetsa, ndi maonekedwe a pulagi, kenako kadzafotokozera gulu lonse. Amene muli ndi sefa zakale zimene munachotsa mubwere nazo kuti tidzazidule pakati ndi kuona mmene fumbi limalowera m'pepala. Pampu imene tidzaipeze ndi sefa yobooka kapena yopanda sefa sidzabwerera kumtsinje tsiku limenelo, choncho asungichuma a magulu mubwere ndi mabuku a ndalama kuti tidzagwirizane pomwepo amene akagule ina.